Chidindo cha a Sinforosa

Pa moyo wanga wonse munthu amene ndinamusungira chakukhosi miyezi isanu ndi inayi yathunthu ndi mmodzi yekha, a Sinforosa Quintana. Ndi omwewonso amene ndimawatchula anthu akandifunsa ngati Paphiri panagwirapo ntchito munthu woongoka. Anali a komadre anga, ndiye kuti ndiwo anaimirira mwana wanga Rosabel pa ubatizo, ndipo kwathu kuchigwa kuno ubale umenewo sutha chifukwa cha mkwiyo. Mumapitiriza kupatsana moni kutchalitchi, mano ali gwa.

Ine ndine Tranquilino Roybal, koma aliyense amangoti Lino. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ine ndi a Sinforosa tinkakwera galimoto imodzi m'mawa uliwonse, kuchoka kuchigwa kukwera Paphiri, pamalo a boma ofufuzira za mabomba a nyukiliya. Asayansi ankakhala pamwamba pomwepo, m'nyumba za kapinga wothiriridwa. Ife a ntchito zamanja tinkakwera kuchokera kumunsi, baji pakhosi, nyemba ndi tsabola zokulunga m'totiya, buledi wathu wopyapyala uja, zili m'thumba. Ntchito yanga inali yosema zitsulo pa makina. Ntchito yawo inali yoyeza zomwe ndasema, ndipo zikakhala bwino ankadinda pepala loyenda ndi chitsulocho. Chidindo chawo chinali chamkuwa, chachifupi ngati chala chachikulu, nambala yake 47.

Maonekedwe a zitsulozo musandifunse. Ndinasaina pepala lakuti sindidzanena, ndipo ukalamba wanga ndikufuna ndiudyere panyumba.

A Sinforosa anabadwira ku Chimayó, kwa bambo oluka zofunda zaubweya. Akuti ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankaima kumbuyo kwa bambo awo n'kuloza pomwe ulusi wadumpha, mpaka bambowo anayamba kuwatuma kukatunga madzi kuti apumeko. Paphiri analowa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ntchito yotsuka mabotolo. Tsiku lina anauza mkulu wina kuti shelefu yomwe amisiri angokhoma kumene yapendekeka. Anawaseka, kenaka wina anabweretsa choyezera, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anawatumiza kukaphunzira zoyezayeza, ndipo mu 1976 analandira chidindo. Anali mayi wamfupi, magalasi olendewera pa chingwe, manja ouma ngati a mlimi chifukwa sankadzola mafuta masiku a ntchito, ati mafuta amatsalira pa chitsulo. Amuna awo a Fidencio ankauza anthu kumowa kuti akazi awo amalandira malipiro a boma chifukwa chopeza ena zifukwa, ntchito yomwe kunyumba amaigwira mwaulere.

Mu 1992 boma linasiya kuphulitsa mabomba oyesera pansi pa chipululu cha Nevada. Zitatero panabuka funso lomwe linatidyetsa tonse zaka zotsatira: mabomba akale omwe ali m'nkhokwe akukalamba, nanga tidziwa bwanji kuti sadzaphulika okha, komanso kuti akadali amoyo, popanda kuphulitsako ngakhale limodzi? Yankho linali kafukufuku. Asayansi ankayesa tizidutswa pa makina akuluakulu, n'kumawerengera zotsalazo pa makompyuta, ndipo chaka chilichonse akuluakulu ankasaina kalata yopita kwa pulezidenti yotsimikiza kuti zonse zili bwino. Kalatayo inkatsamira pa manambala a asayansi, manambalawo ankatsamira pa miyeso ya tizitsulo, ndipo miyesoyo inkatsamira pa zidindo za anthu ngati a Sinforosa. Ndalama za kafukufukuyo zinkachokera ku Washington, chaka ndi chaka, aphungu akakhutira. Akapanda kukhutira, oyamba kupita kunyumba sanali asayansi ayi.

A Sinforosa sankakonda kukamba za mabomba, ndipo nkhondo ankadana nayo, poti mchimwene wawo anatsalira ku nkhondo ya ku Vietnam. Ankangoti zinthuzo zilipo kale, anazipanga ndi ena, ndipo gawo lawo ndi kuonetsetsa kuti zikugona tulo osadzidzimuka. Pa mawu amenewo ankanyada, ndipo sankabisa.

Chipinda chawo choyezera chinali ndi malamulo ake. Kutentha kwa m'menemo kunkakhala madigiri 68 pa muyeso wa kwathu kuno, osatentha osazizira, chilimwe ndi chisanu chomwe. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, pang'ono kwambiri moti diso silingaone, koma ife tinkayeza mpaka kachigawo ka tsitsi limodzi logawidwa pakhumi. Choncho chitsulo chilichonse chochoka pa makina anga chinkayenera kugona pa tebulo lamwala m'chipindamo maola 24 chisanayezedwe. Kuchigwira ndi dzanja lopanda golovesi kunali kulakwa, chifukwa kutentha kwa dzanja kokha kumasintha muyeso. Mukalowa anthu atatu, a Sinforosa ankatulutsa mmodzi, ati mukutenthetsa chipinda ndi mpweya wanu. Anatulutsapo anthu a madigiri a ku yunivesite atatuatatu, iwo akutuluka ali mutu pansi ngati ana a Sande sukulu.

Nkhani yomwe tinadanirana inachitika mu Julaye 1997. Gulu lathu linkatsogoleredwa ndi Dokotala Lindqvist, wasayansi wamtali wa ku Minnesota, munthu wabwino koma wamantha ndi akuluakulu. Anakonza zoyesa zake kuti zichitike Lachinayi nthawi ya 10 m'mawa, pamaso pa alendo ochokera ku Washington, anthu olemba malipoti omwe aphungu amawerenga asanagawe ndalama. Zikanayenda bwino, gulu lathu likanapuma mtima pansi zaka zitatu. Alendowo ankanyamuka masana a tsiku lomwelo.

Apa ndiyenera kudziulula, ngakhale zinanditengera nthawi kuti ndizinene poyera. Chitsulo choyamba ndinachiononga ndine, Lolemba. Lamlungu matalala anagwa m'munda mwanga mwa tsabola, mutu wanga unali kumeneko, ndipo ndinasema mopitirira. Ndinayambanso china, ndikudya choimirira, n'kuchimaliza Lachitatu nthawi ya 3 masana. Ndinachinyamula ndekha kupita nacho kuchipinda choyezera. A Sinforosa anachilandira ndi magolovesi awo oyera, anachigoneka pa tebulo lamwala, anayang'ana wotchi yapakhoma, n'kulemba pa pepala kuti adzachiyeza Lachinayi nthawi ya 3.

Dokotala Lindqvist anabwera chothamanga. Anawafotokozera mwaulemu, ndi pensulo pa pepala, kuti kachitsulo kakang'ono chotere kadzakhala katazizira kalekale pofika 6 koloko m'mawa, ndipo lamulo la maola 24 analiikira zitsulo zikuluzikulu. Masamu ake anali osalala, ine ndemwe ndinagwedeza mutu. A Sinforosa anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lachikasu.

"Mwina mukunena zoona, adokotala, masamu ndi anu," anatero. "Pepala ili ndi la chitsulo chogwiritsidwa ntchito chisanakwanitse maola ake. Saini yanu apa, n'kuchitenga ngakhale pompano. Koma 47 sapitapo."

Adokotala analiyang'ana pepalalo ngati njoka. Tonse tinkadziwa kuti zoyesa zochitika ndi pepala lachikasu siziwerengedwa pa kalata ya chaka, ndipo alendo a ku Washington amafunsa za mapepala asanafunse za china chilichonse. Chomwe ankafuna chinali chidindo, chodindidwa m'mawa, pa pepala lonena kuti malamulo onse atsatidwa. Anachonderera, anatchula mabanja a anthu, anatchulanso akuluakulu. A Sinforosa anangoti pepani, n'kuwakumbutsa kuti m'chipindamo tachulukamo.

Potsika phiri madzulo amenewo ndinkayendetsa ndine. Anzathu awiri kumbuyo ananamizira kugona. Ndinapirira mpaka pa mlatho, kenaka ndinalavula zakukhosi.

"A komadre, akandichotsa ntchito, Rosabel azidya chidindo chanucho?"

"A kompadre, chitsulo chija munachiononga ndinu, Lolemba. Ine Lolemba ndinali ndi tebulo lopanda kanthu, ndikukudikirani."

"Maola asanu ndi anayi okha. Ndani angadziwe?"

"Ine."

Ndinawauza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndinawauza kuti kuuma mutu kwa anthu a ku Chimayó n'kodziwika mpaka ku Santa Fe, ndinanenanso zina zomwe sindingazibwereze. Iwo anangotulutsa korona m'chikwama n'kumapemphera chamumtima, akuyang'ana kunja. Palibe chinthu chopsetsa mtima ngati kukalipira munthu amene akukupempherera.

Lachinayi alendo anafika, anthu asanu a masuti, nsapato zosayenera fumbi lathu. Dokotala Lindqvist anawaonetsa makina ali zii, anawaonetsa zithunzi za zomwe zikanachitika, thukuta lili kamukamu. Posowa china chowaonetsa anadutsa nawo pa zenera la chipinda choyezera. Ine ndinali chapafupi, ndikunamizira kupukuta makina. Mkatimo a Sinforosa anali atakhala pampando, manja pamiyendo, moyang'anizana ndi kachitsulo kanga. Mayi wina wa m'gululo, wa tsitsi la imvi lodula, anagogoda pagalasi n'kufunsa kuti akudikira chiyani. A Sinforosa anatsegula chitseko pang'ono pokha, n'kuyankha kuti akudikira chitsulo chizizire. Mayiyo anati kwa iye chikuoneka chozizira kale.

"Kwa inenso chikuoneka choncho, mayi. Koma boma silinandilembe ntchito yoona, linandilemba yoyeza. Pepani, nditseke, mukulowa mpweya wotentha."

Anatsekadi, pamaso pa munthu wonyamula ndalama zathu m'chikwama. Mayiyo analemba kanthu m'kabuku kake, ndipo mpaka lero sindidziwa chomwe analemba. Masana ananyamuka.

Nthawi ya 3 itakwana a Sinforosa anavala magalasi n'kuyamba kuyeza. Ine ndi adokotala tinaima pazenera. Kunena zoona, ndinkalakalaka chitsulocho chipezeke cholakwika, ngakhale chinali cha manja anga, kuti mwina zonsezi zikhale ndi chifukwa. Anayeza mphindi makumi anayi, mbali iliyonse katatu. Kenaka anatulutsa chidindo m'thumba la malaya, anachinyika mu inki, n'kudinda. Chitsulo chinali bwinobwino, chosaphonya ngakhale pamodzi.

Ndinalowa osagogoda, ndinaiwala ndi magolovesi omwe. Ndinawafunsa ngati akuona kuti atiphera ntchito pachabe, poti chitsulo chinali cholondola kuyambira dzulo.

"M'mawa sitinkadziwa, a kompadre. Pano tikudziwa," anatero, akupukuta chidindo ndi kansalu. "Mwasema bwino. Ichi n'chimodzi mwa zabwino zomwe munasemapo."

Zoyesa za adokotala zinachitika sabata yotsatira, popanda mlendo woonerera. Mu Okutobala uthenga unafika wakuti ndalama za gulu lathu zadulidwa. Palibe anatiuza kuti chifukwa chake chinali Lachinayi lija, ndipo mwina sichinali, poti chaka chimenecho anadula magulu angapo. Koma munthu wanjala safuna zifukwa zambiri, chimodzi chimamukwanira. Tinapita kunyumba anthu khumi ndi mmodzi. A Sinforosa sakanawachotsa chifukwa sanalakwe kanthu, koma anawasamutsira kunyumba yosungira katundu, kukagawa magolovesi ndi nsapato. Chidindo anapita nacho m'thumba, ndipo m'mawa uliwonse ankachisainira ngati kale, ngakhale kunalibe choti adinde.

Miyezi imeneyo ndinagulitsa tsabola wotsala ndi matalala m'mbali mwa msewu, ndinagulitsa nkhuni, ndinakonza mathirakitala a anthu omwe kale ankandivulira chipewa. Lamlungu lililonse a Sinforosa ankafika kwathu ndi poto wa posole, chimanga chophika ndi nkhumba chija, ati aphika chambiri mwangozi. Munthu amene sanaphonyepo muyeso zaka makumi awiri ankaphika chambiri mwangozi sabata iliyonse. Mkazi wanga Erlinda ankalandira, ine ndinkatulukira khomo lakuseri. Posoleyo ndinkadya, sindinama, koma ndinkadya ndili wokwiya.

Chisanu chitatha inafika nthawi yokonza ngalande yothirira minda, pomwe khomo lililonse limatumiza munthu mmodzi ndi fosholo. A Fidencio msana unali utawagwira, ndiye kunabwera a Sinforosa, mpango kumutu. Woyang'anira ngalande, kaya mwadala kaya ayi, anatiika moyandikana. Tinakumba m'mawa wonse osalankhulana. Mbali yawo inali yowongoka ngati ajambula ndi rula, zomwe zinandiwonjezera mkwiyo. Popuma anakhala pamtumbira n'kuyamba kutchula maina a anthu khumi ndi mmodzi aja, mmodzimmodzi, ndi maina a ana awo omwe. Anati amawatchula tsiku lililonse pa korona, ndipo kuyambira Okutobala chakudya sichiwakomera.

"Ngati mukudikira pepani, nayu. Pepani chifukwa cha njala yanu, a kompadre, yandiwawa ngati yanga. Koma za chidindo sindipepesa. Ndikanadinda bodza tsiku lija, mapepala onse omwe ndinadinda kuyambira 1976 akanasanduka okayikitsa, ndi anu omwe."

Ndinatola fosholo n'kubwerera m'ngalande. Koma mawu akuti ndi anu omwe anandikhala pamtima, chifukwa zitsulo zanga zonse, zaka zonsezo, zinkadalirika kaamba ka 47 yemweyo.

Anandiitananso ku ntchito mu Julaye 1998. Ndinapeza kuti m'miyezi imeneyo kunabwera akatswiri ochokera kwina kudzafufuza mapepala onse omwe kalata ya chaka inkatsamirapo. Anayerekeza nthawi yomwe chitsulo chinachoka pa makina ndi nthawi yomwe chinadindidwa. Zoyesa za magulu awiri anazitaya, ati zibwerezedwe, poti maola sankakwana. Za Dokotala Lindqvist, zochedwa ndi sabata zija, zinaima chilili, ndipo gulu lathu linapatsidwanso gawo la ndalama. Adokotala anapita okha kunyumba yosungira katundu kukatenga a Sinforosa, ndipo akuti anadikira pamzere wa magolovesi mpaka nthawi yawo itakwana.

Musaganize kuti zonse zinabwerera m'malo. Mwa anthu khumi ndi mmodzi aja tinabwerera asanu ndi mmodzi. Wina anagulitsa munda wa makolo ake n'kusamukira ku Denver, ndipo mpaka pano abale ake sapereka moni kwa a Quintana. A Sinforosa ankadziwa zimenezo ndipo sanayesepo kudzichotsera. Palibe anawapatsa mendulo, palibe anawatchula pa msonkhano. Anangobwerera m'chipinda chawo n'kudandaula kuti amene anawagwirira ntchito ankasiya zoyezera mosalongosoka. Ine ndinapita kuchipindako kukapepesa ndi thumba la tsabola wowotcha. Anandiuza ndiliike panja, likutentha.

Anapuma ntchito mu 2003. Paphiri pali mwambo wakuti woyeza akamapuma, chidindo chake chimafafanizidwa pamaso pa mboni kuti wina asadzachigwiritse ntchito, ndipo nambala yake sipatsidwanso kwa munthu. Wofafanizayo amasankhidwa ndi mwini chidindo. Kunali amisiri achinyamata a manja okhazikika, koma iwo anasankha ine.

Tinachitira m'chipinda choyezera momwemo. Tinalimo anthu anayi, ine, iwo, Dokotala Lindqvist amene tsitsi linali litayera, ndi mlembi wa mboni, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatulutse aliyense. Ndinamanga chidindo pa chopanira n'kutenga tupa. Ndasema zitsulo zaka zambiri, zina zodula kuposa nyumba yanga, koma palibe chomwe chinandilemera ngati kamkuwa kameneko. Inayamba kutha ndi 4, kenaka 7. Fumbi lamkuwa linagwera pa kansalu komwe iwo anayala kuti lisadetse tebulo. Misozi inandilengeza, ndipo sindinachite nayo manyazi. Ndinkanyada kuti ndinagwira ntchito ndi munthu ameneyu, kuti ndi wa kuchigwa kwathu, kuti ndiye anagwira mwana wanga pa ubatizo.

Mlembi atasaina, ndinamasula kamkuwako. Kanali katatentha ndi tupa. Ndinakagwira ndi golovesi n'kuwauza kuti adikire, lamulo likuti kagone pa tebulo maola 24, abwere mawa nthawi ngati yomweyi. Adokotala anaseka. A Sinforosa sanaseke. Anavula magolovesi onse awiri, anawapinda bwinobwino n'kuwaika pa tebulo lamwala. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri palibe anaonapo manja awo ali pamtunda m'chipinda chimenecho.

"Patseni, a kompadre," anatero. "Ndimafuna ndimve kutentha kwake."

Ndinawaikira m'dzanja. Anakafumbata, n'kuima nako pomwepo mpaka katazizira, ife tonse tikudikira.